Za Malo Ogona ku Karonga pa Tsiku la Anakubala

Ife a ku Chitipa tikhala pamwamba, m'mapiri ndi m'zigwa zozizira. Ndipo ngakhale dziko lathu lichuka ndi nyanja, ambiri a ife akalamba osaiona ndi maso. Kucokera pa boma la Chitipa, limene kale linachedwa Fort Hill, kufikira ku Karonga pali makilomita ngati 100 okha. Koma kwa munthu wolima mawere ndi nyemba, ulendo wopanda maliro kapena matenda uyesedwa kutaya ndalama. Amai anga anali mmodzi wa otere. Usipa wouma anaudya kuyambira ubwana wao, koma madzi amene ucokeramo sanawaone.

Caka ca 2013 ndinatsimikiza mtima kuti ndinke nao kunyanja pa Tsiku la Anakubala, limene likhala pa 15 October. Ndinapatula pang'ono pang'ono pa malipiro anga a uphunzitsi kwa miyezi isanu, ndipo ndinalemba zonse m'kope: ya galimoto, ya cakudya, ndi ya zipinda ziwiri usiku uwiri, pakuti mwa mwambo wathu mwana wamwamuna wamkuru sagona cipinda cimodzi ndi amace. Mtengo wa cipinda ndinaumva kwa mphunzitsi mnzanga amene anagona ku Karonga mwezi wa February, mvula iri kugwa. Apa ndi pamene ndinalakwa: ndinatenga mtengo wa dzinja ndi kunka nao m'cilimwe.

Tinafika pa siteji mamawa, koma minibasi sinanyamuke kufikira itadzala, dzuwa liri pamutu. Tinatsika pa mseu wa tara umene anamanga Acaina, m'dziko lomwelo m'mene munapita Stevenson Road m'zaka za m'ma 1880, pamene makolo athu anasenza akatundu a Azungu pamutu. Titapitirira mphambano ya ku Kayelekera, amai anabvula juzi yao, nayamba kudzipepesa mphepo ndi nsaru. Kwathu tikhala pa mamita oposa 1,200 kucokera pa nyanja yamcere, koma Karonga safika 500. Cotero kutentha kwa October kumene tidandaula nako kumapiri, anthu a kunyanja akuyesa cisanu.

Tinafika madzulo, ndipo ndinasiya amai patsinde pa mango pafupi ndi msika, ndi kukwera njinga ya kabaza kunka kugombe, cifukwa ndinafuna kuti akadzuke ndi kuona nyanja ali pakhomo. Nyumba ya alendo yoyamba inali yodzala ndi mabanja ocokera ku Mzuzu. Yaciwiri inadzala ndi amai a bungwe amene anadza pa basi yao. Pa yacitatu panali cipinda cimodzi, koma mtengo wace wa usiku umodzi unaposa ndalama zonse ndinazipatulira zipinda ziwiri usiku uwiri. Ndinabwerera m'tauni, ndipo pafupi ndi depoti ndinapeza cipinda cochipa. Koma cinali kuseri kwa nyumba ya mowa, copanda neti ya udzudzu, ndi citseko cace cosatsekeka. Kodi munthu angagoneke amace pa malo otere, ndi kunena kuti wawacitira ulemu?

Pobwerera pa mango paja ndinayenda pansi, kuti ndisunge ya njinga. Ndinawerenganso ndalama m'thumba ndi zala, monga ngati zikadacuruka m'njira. Ine amene ndiphunzitsa ana masamu ndinalephera samu yanga, ndipo ndinayamba kukonza mau ouza amai kuti tikwere galimoto yobwerera usiku womwewo, nyanja osaiona.

Ndinawapeza atakhala pa mphasa ya mai wogulitsa mpunga wa Kilombero, ali kuceza m'Citumbuka monga anthu odziwana kale. Atandiona nkhope anati, "Aphunzitsi, mwapeza?" Ndinati, "Iai, Amama, konse kwadzala." Iwo anati, "Mwafunsa yani?" Ndinayankha kuti ndafunsa eni ace a nyumba za alendo. Pamenepo anatembenukira kwa mai uja, nati, "Amama, kodi inu alendo anu akacuruka, muwagoneka kuti?" Funso limeneli ine sindinaliganize, pakuti ndinali kuyang'ana zikwangwani, osayang'ana anthu. Zoonadi, safunsa anadya phula.

Mai uja anatuma mwana wace kutiperekeza kwa mkazi wamasiye, m'mudzi wa kuseri kwa tauni, pakati pa nthoci ndi cinangwa. Iye anali ndi zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba yace, zimene anagonekamo amalonda odutsa. Munali mphasa, matiresi, ndi neti yosang'ambika. Madzi anali a pa mjigo. Mtengo wa zipinda zonse ziwiri unali wocepa koposa umene ndinalemba m'kope muja. Amai anamasula mtolo wao, nampatsa nyemba za kwathu ndi ufa wa mawere. Ndipo iye anatiphikira mbalagha, ndico cakudya ca Ankhonde ca nthoci zophika pamodzi ndi nyama.

Usiku umenewo, tiri pakhonde, mwini nyumba anandifotokozera cifukwa cace malo ogona anabvuta cotero. Mwezi wa October ndiwo wotentha kwambiri, mvula isanayambe, ndipo pa Tsiku la Anakubala anthu a m'matauni atengera amai ao kunyanja onse nthawi imodzi. Kuonjezera apo, Karonga ali pa njira ya amalonda oomboka pa Songwe kunka ku Kyela ndi ku Dar es Salaam, ndipo iwo afuna pogona caka conse. Mgodi wa Kayelekera, umene unatsegulidwa mu 2009 ndi kuima mu 2014, unali kugwira nchito masiku amenewo, ndipo anchito ace anatenga nyumba zambiri. Ndiponso zibvomezi za mu December 2009 zinagwetsa nyumba zosawerengeka m'boma limenelo. Ofuna pogona anacuruka, zipinda zinacepa, ndipo mtengo unakwera, monga ukwera wa cimanga mwezi wa January. Anatinso, "Kugombe kuja simulipira tulo iai, mulipira zenera. Nyanjayo ilibe mwini wolipiritsa."

Tambala woyamba atalira tinanyamuka, amai ndi ndodo yao, ndipo tinayenda ngati theka la ora. Tinafika pamcenga kusanace, nyali za asodzi a usipa zikali kuoneka pamadzi. Pamenepo dzuwa linaturuka kuseri kwa mapiri a ku Tanzania, tsidya lija, ndi mabwato anayamba kufika kumtunda. Amai anaima nthawi yaitali osanena kanthu. Pambuyo pace anabvula nsapato, nalowa m'madzi kufikira m'maondo, natunga ndi manja, nasamba kumaso. Ndipo anati, "Mwana wanga, madzi onsewa, ndipo ife tilimbirana citsime cimodzi mwezi uno!" Alendo a m'nyumba zodula zija anali cigonere, zitseko zotseka, ndipo kuturuka kwa dzuwa kumene analipirira sanakuone.

Ndalama zimene zinatsala zinatilowetsa m'nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004, m'mene muli cifanizo ca mafupa a cirombo cacikuru ca kale lomwe, cochedwa Malawisaurus, cimene mafupa ace anakumbidwa m'boma lomwelo. Tinagulanso usipa ndi mpunga wa kumudzi, ndipo sitinakongole kwa munthu ali yense.

Tsono, abale anga a kumapiri amene mufuna kuonetsa makolo anu nyanja, landirani mau awa kwa munthu amene anapunthwa. Funsani mtengo wa mwezi umene mudzapite, osati wa mwezi wina. Ngati nkutheka, pitani sabata imodzi tsiku lacikondwerero litapita, pakuti nyanja sicoka. Fikani dzuwa lisanapendeke, kuti mukhale ndi nthawi yokana malo oipa. Musatule katundu musanamve mtengo ndi kuona cipinda, neti, citseko ndi madzi. Musacite manyazi kugona patali ndi gombe, ngati okalamba anu ali nayo mphamvu ya kuyenda. Ndipo koposa zonse, perekani moni kwa anthu a pamalopo ndi kuwafunsa mwaulemu, mutanyamula kanthu ka kwanu. Pakuti mlendo ndi mame, ndipo ambiri sakana kumsunga usiku uwiri.

Amai anamwalira zaka zitatu pambuyo pa ulendowo. Masiku ao otsiriza, pofotokozera adzukulu za nyanja, ananena pang'ono za madzi ndi za mafupa aja. Koma kawiri kawiri anafunsa ngati ndinatumiza nyemba kwa mkazi wamasiye wa ku Karonga. Ndizitumizabe caka ndi caka, pa kukolola.