Galimoto yatsopano kapena yakale? Mawu kwa abale a ku Magaleta

 Lero mundilole ndilankhule za ndalama, matayala ndi matope, pakuti nkhani zimenezi nazonso zimamanga banja kapena kuliphwasula.

Chaka chino anthu angapo andifikira ndi funso limodzi. Wina ndi mphunzitsi amene akuyembekezera ndalama zake zopumira pa ntchito. Wina ndi mwana wathu wa ku Joni amene akufuna kugulira makolo ake choyendera. Winanso ndi mlimi amene manachesi ndi mbatata ya kachewere zamuyendera bwino. Onsewa akuti: kodi ndigule kagalimoto katsopano, kapena kogwiritsidwa kale ntchito? Ine ndikuona kuti funsoli tikuliyambira kumchira. Zaka za galimoto zibwere pambuyo. Poyamba funsani msewu umene idzayendamo, munthu amene adzaikonza, ndi thumba limene lidzaidyetsa chaka chonse. Mukayankha zitatuzi moona mtima, galimoto yoyenera idzadzionetsa yokha.

Tiyambe ndi yatsopano, ndipo tisainyoze. Galimoto yochokera kwa ogulitsa monga Toyota Malawi ku Blantyre ilibe mbiri yobisika. Palibe anaigwetsapo m'dzenje, palibe anabweza manambala a mtunda umene yayenda, ndipo imabwera ndi lonjezo lakuti ikawonongeka msanga eni sitolo adzaikonza. Koma lonjezolo lili ndi malamulo ake. Limafuna kuti sevisi izichitikira kugalaja yawo pa nthawi yake, ndipo kwa munthu wa ku Magaleta zimenezi zikutanthauza ulendo wa ku Blantyre, mafuta, chakudya, mwina ndi malo ogona. Mtengo wake umatsata dola. Mukukumbukira kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo inatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Malipiro a mphunzitsi ndi mtengo wa dengu la manachesi sizinakwere motero. N'chifukwa chake galimoto zatsopano m'dziko muno zimagulidwa kwambiri ndi boma, makampani ndi mabungwe. Ngati mungathe kugula yatsopano popanda ngongole yotsamwitsa, gulani, mwachita bwino. Koma ambiri a ife tikuyang'ana ku kaunjika wa galimoto, ndipo m'menemo mulibe manyazi.

Tigalimoto tambiri timene mumationa m'misewu yathu, Vitz, Passo, March, Demio, Fit, Mira, Sienta ndi Probox, tinachokera ku Japan titayendako kale. Tinatigwera bwino chifukwa ku Japan amayendetsa kumanzere kwa msewu ngati ife, ndipo chiwongolero chili kumanja. Kumeneko lamulo limafuna kuti galimoto iyesedwe ikatha zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo kuyesako n'kodula. Eni ake ambiri amasankha kugulitsa galimoto idakali ndi mphamvu, ndipo makampani monga BE FORWARD ndi SBT Japan amazitumiza kuno. Umenewu ndiwo mwayi wathu, pakuti timalandira injini zimene zakulira pa phula losalala.

Koma chenjerani ndi mtengo umene mumauona pa foni. Kawirikawiri umenewo ndi mtengo wa galimoto ili ku Japan komweko. Muwonjezerepo ndalama ya sitima ya pamadzi kufikira ku doko la Dar es Salaam, zolipira za padoko, malipiro a wokuombolerani, dalaivala ndi mafuta odutsira Tanzania kufikira pa chipata cha Songwe ku Karonga. Pamenepo a MRA akudikira msonkho wawo, umene umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo yakale kwambiri imalipitsidwa msonkho wokwera pofanizira ndi mtengo wake. Choncho imene imaoneka yotchipa pa foni ikhoza kudzakulizani pa chipata. Mukatuluka apo pali kulembetsa ku Road Traffic, nambala, COF ndi inshuwalansi. Pamwamba pa zonsezi, madola olipirira kunja sakupezeka mosavuta m'mabanki. Tengani kope ndi cholembera, mulembe zonse mzere ndi mzere musanatumize ngakhale tambala imodzi, ndipo mufunse msonkho wake kwa a MRA eni ake galimoto isanakwere sitima.

Njira ina ndi kugula imene ili kale m'dziko muno. Ubwino wake ngwakuti mumaiona ndi maso, kuigwira ndi manja, ndi kuiyendetsa. Kuipa kwake ngwakuti yalawa kale misewu yathu, ndipo mwina yakhala ikunyamula anthu ndi katundu usana ndi usiku monga takisi. Makolo anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Penti yonyezimira ndi mipando yopopera mafuta onunkhira zisakunyengeni. Pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Mufike m'mawa injini idakali yozizira, ndipo ailize inu mukuona. Utsi wobiriwira ukunena kuti injini ikudya oyilo. Mukatsegula chivundikiro cha oyilo n'kupeza zoyera ngati chambiko, madzi akulowa kumene sayenera kulowa. Gwadani pansi, musachite manyazi ndi suti, muone ngati kunsi kuli dzimbiri, kudontha kapena zowotcherera zatsopano. Manambala a mtunda amabwezedwa, koma chiwongolero chopelepeseka ndi mpando wa dalaivala wophwetereka sizinama.

Za mapepala ndinenetse. Dzina la pa blue book likhale la munthu amene akukugulitsaniyo, ndipo nambala ya chesisi yolembedwa papepala ifanane ndi imene ili pa galimoto. Mupite naye limodzi ku Road Traffic kukasintha umwini, ndipo ndalama yomaliza ituluke m'manja mwanu zonse zitatheka. Adobadoba adzakuuzani kuti pali wina akubwera ndi ndalama masana ano. Msiyeni abwere. Galimoto ku Blantyre sizidzatha, koma ndalama zopumira pa ntchito zimabwera kamodzi pa moyo wa munthu.

Tsopano tibwere kwathu. Neno inakhala boma palokha mu 2003, itapatulidwa ku Mwanza, ndipo kuyambira nthawi imeneyo nkhani ya msewu wa Tsangano, Neno ndi Mwanza sinachoke pakamwa pathu. Inu mukudziwa zitunda zathu, miyala yotuluka pakati pa msewu, ndi dothi limene limaterera ngati sopo mvula ikagwa. Mukukumbukira mmene njira zinakhalira pambuyo pa namondwe Freddy mu Malichi 2023. Tayang'anani galimoto zimene a chipatala ndi a Abwenzi Pa Za Umoyo, amene akhala nafe kuyambira 2007, amayendera m'midzi muno: n'zazitali, zokoka ndi matayala onse anayi. Sanazisankhe chifukwa cha matama. Msewu ndiwo unawasankhira.

Tigalimoto ting'onoting'ono ta ku Japan tinapangidwira m'mizinda. Mira ili ndi injini ya 660cc, imamwa mafuta pang'ono zedi, ndipo m'tauni ndi dalitso. Koma ikanyamula anthu asanu ndi thumba la chimanga pa chitunda chamatope, mudzaimvera chisoni. Choopsa chachikulu ndi kufupika. Pansi pa injini pali sampu, chotengera oyilo. Mwala umodzi ukaiboola, oyilo amatha inu osadziwa, ndipo m'mphindi zochepa injini yafa. Choncho poyerekeza galimoto ziwiri, yezani mpata umene uli pakati pa mimba yake ndi nthaka, ndipo muyeze anthu atakwera. Probox inapangidwira amalonda onyamula katundu, n'chifukwa chake imapirira kulemera kuposa zinzake, ngakhale kukwera kwake sikofewa. Sienta ili ndi mipando 7, koma ikadzaza imakhala pansi. Iliyonse imene mungasankhe, uzani owotcherera akuikireni chitsulo chotchinga sampu, ndipo muvomereze mumtima kuti mu Januwale ndi Febuluwale padzakhala masiku amene nzeru ndiyo kuisiya pakhomo.

Funso lachiwiri ndi la wokonza. Galimoto yabwino ku Magaleta ndi imene makaniko wa pa Mwanza kapena pa Zalewa anaitsegulapo kambirimbiri, imene sipeya yake mungaipeze ku Limbe kapena ku Ndirande tsiku lomwelo. Mtundu wosowa umakopa maso paukwati, koma kachitsulo kamodzi kakathyoka mudzadikira miyezi kuti kachoke kunja. Za haibulidi monga Aqua, zoyendera petulo ndi batire, zimapulumutsadi mafuta, makamaka m'tauni moyenda moima-ima. Koma batire lake lalikulu likafooka ndi ndalama zambiri, ndipo matenda ake amafuna makaniko wa kompyuta. Zambiri mwa galimoto zing'onozing'onozi zili ndi giya yosintha yokha ya mtundu wa CVT, imene ili ndi oyilo wakewake. Wina akathiramo oyilo wamba pofuna kukuthandizani, giyayo yapita. Safunsa anadya phula. Funsani makaniko musanagule, osati galimoto itafa kale pa chitunda.

Funso lachitatu ndi la thumba. Walira mvula walira matope. Tsiku logula ndilo tsiku loyamba kulipira. Inshuwalansi ndi COF zimatha ndipo zimafuna kukonzedwanso. Matayala pa miyala yathu sakhalitsa, mashoko ndi mabushi nawonso chimodzimodzi. Oyilo ndi zosefera ziyenera kusinthidwa kawirikawiri chifukwa cha fumbi la m'chilimwe. Petulo akasowa, monga takhala tikuonera zaka zapitazi, mudzakopeka kugula wa m'zigubu, amene nthawi zina ngwosakaniza ndipo amaononga injini. Langizo langa ndi ili: pa ndalama zimene muli nazo, gawo limodzi mwa magawo asanu lisapite kwa wogulitsa. Likhale padera, la matayala, sevisi yoyamba ndi tsoka losayembekezeka. Ngati mtengo wa galimoto ukumeza zonse, galimotoyo si yanu, funani yocheperapo. Tonse taonapo galimoto zitakhazikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Eni ake sanali opusa. Anawerengera mtengo wogulira, osawerengera mtengo wosungira.

Pa ngongole ndilankhule mosabisa. Musapite kwa akatapila chifukwa cha galimoto. Musakokolole banki mkhonde ya amayi, musagulitse munda kapena dimba la makolo. Galimoto imatsika mtengo chaka ndi chaka, pamene munda umadyetsa ana ndi zidzukulu. Fizi ya mwana wa ku sekondale isasanduke matayala. Ndipo inu abambo, nkhaniyi muikambe ndi mayi a kunyumba musanapange chiganizo, pakuti ndiwo adzaone ndiwo zikuchepa m'mbale ngongole ikayamba kuluma.

Pali chinthu china chimene wogulitsa sadzakuuzani. Kumudzi kuno galimoto siikhala ya munthu mmodzi. Usiku wina padzamveka kugogoda pakhomo panu: mayi woyembekezera wavutika, kapena mwana wakomoka ndi malungo, ndipo a pa chipatala chathu cha Magaleta ati apite ku chipatala chachikulu ku Neno. Padzakhala maliro, maukwati, misonkhano ya amayi a Mvano. Pa usiku wotero palibe adzafunse ngati galimoto yanu ndi ya chaka chiti. Chofunika n'chakuti ilire mukaitembenuza kiyi, ikhale ndi mafuta m'thanki, nyali zowala, mabuleki ogwira ndi tayala lapadera lokhala ndi mpweya. Poganizira usiku umenewo, Probox yakale yosamalidwa bwino iposa galimoto yokongola imene mwini wake alibe ndalama yoithirira mafuta. Mugwirizane pabanja msanga za mmene mudzathandizire anthu, ndi pamene mudzapemphe kuti athandizepo mafuta, kuti chifundo chisadzabale chidani. Ndipo inu opempha, kumbukirani kuti galimoto siyendera zikomo.

Chifundo chomwecho chisatipangitse kudzaza anthu khumi m'galimoto ya anthu asanu. Mabuleki a kagalimoto anapangidwira kulemera kwake, ndipo pa zitsetso zathu kulemera kopitirira ndi imfa. Woyendetsa akhale wa laisensi, osati mphwanu amene anaphunzirira pa bwalo la mpira. Ndipo wamwa mowa asagwire chiwongolero, ngakhale akhale mwini wake.

Kwa inu ana athu a kutali, mtima wanu wofuna kulemekeza makolo ndi wabwino, ndipo tikuuthokoza. Koma musanakweze galimoto kudzera pa chipata cha Mwanza, dziwani kuti nayonso idzalipira msonkho, ndipo dzifunseni: adzaiyendetsa ndani, adzaithira mafuta ndani mwezi ndi mwezi? Mphatso yopanda ndalama yoisamalira imasanduka katundu pa mutu wa nkhalamba. Afunseni bambo ndi mayi chimene akusowa. Mwina adzati njinga yamoto, mwina malata, mwina feteleza, mwina ndalama yosungidwa yolipirira galimoto ya mnansi tsiku la matenda.

Ndipo inu amene mwawerengera n'kupeza kuti chaka chino sizitheka, musaweramitse mutu. Amene wafika pa njinga ya kabaza wopanda ngongole amagona tulo tabwino kuposa amene wafika pa galimoto ya katapila. Pitirizani kusunga, nthawi yanu idzakwana. Amene mwakonzeka, pitani ndi kope lanu, makaniko wanu ndi mtima wodekha, mugule galimoto imene msewu wa kwathu udzailola ndipo thumba lanu lidzaikwanitsa.

Amene muli ndi galimoto kale, tiuzeni mmene yanu yapiririra mvula ya chaka chatha, kuti anzathu aphunzirepo. Mufikitsenso mawuwa kwa abale amene alibe foni. Mulungu akusungeni m'maulendo anu onse, ndipo mukhale ndi sabata yamtendere.