Zimene Ndinaona pa Moto wa Ahindu

Achinyamata anzanga, ena mwa inu munamva kale kuti mtsogoleri wanu anaoneka akuvula nsapato pakhomo pa Amwenye Loweruka lina m'mawa. Mbiriyo inafika ku Kapata ine ndisanabwerere n'komwe kunyumba, ndipo pofika Lamlungu ena anali kunena kuti ndakafuna mankhwala a chuma. Ndaona kuti ndi bwino mumve kuchokera kwa mwini wakene.

Amene anandiitana ndi mnzanga amene ndinkagona naye chipinda chimodzi ku koleji ku Lusaka. Iyeyu ndi Mhindu. Ambirife timayesa Amwenye onse a ku Down Shops ndi Asilamu, popeza misikiti ndiyo timaiona. N'zoona kuti amene anayamba kufika ku Fort Jameson cha m'ma 1905 anali Asilamu ochokera ku Gujarat, koma alipo ndi mabanja achihindu. A kwao kwa mnzangayu anali kulowa m'nyumba yatsopano, ndipo mwa mwambo wawo amayamba ayatsa moto wa nsembe wotchedwa havan.

"Iwe unanditengera ku maliro a agogo ako kumudzi, ndinachezera panja usiku wonse kumvera nyimbo zanu," anatero. "Tsopano bwera udzaone zathu." Ndinasowa chokanira. Ndinakafunsa mkulu wa mpingo wina wachikulire, ndipo iye anangoti, "Mwana wanga, kawerengeni 1 Akorinto 8 ndi 10. Mukapita, mukakumbukire kuti ndinu mlendo, komanso kuti ana aja akukuonani."

Tinakhala pansi pabalaza, mazenera onse ali otsegula. Pakati panali chiwiya chamkuwa cha ngodya zinayi, chonga mbaula, chotakasuka kumwamba ndi chopanikiza pansi. Wansembe wawo, amene amamutcha pandit, anayalamo timitengo touma ta mango, mango omwewa amene timagenda mu Disembala. Atayatsa, anayamba kuthiramo ghee, mafuta oyengedwa kuchokera ku mkaka wa ng'ombe, ndi chipande chaching'ono chamtengo. Aliyense wa m'banjamo anali ndi mbale ya mpunga wosakaniza ndi chitowe ndi zitsamba zonunkhira. Pemphero lililonse linkatha ndi liwu lakuti svaha, ndipo polimva onse ankatapa pang'ono ndi zala n'kuponya pamoto.

Mapempherowo anali m'chinenero cha Sanskrit, chimene ngakhale mnzangayo amangotolamo mawu apo ndi apo. Anandinong'oneza kuti ena mwa iwo ndi ochokera m'mabuku a Veda. Lakale kwambiri, Rigveda, lili ndi nyimbo 1,028, ndipo akatswiri amati zinayamba kuimbidwa zaka zoposa 3,000 zapitazo, Davide asanakhale mfumu. Nyimbo yoyamba yeniyeni ndi yotamanda Agni, mulungu wawo wa moto. Iwo amakhulupirira kuti Agni ndiye mthenga, ndiponso pakamwa pa milungu: chimene waponya pamoto, iye amachinyamula m'utsi kukapereka kwa amene wamutchula.

Ndinadza ndi mantha oti ndikaona zoopsa, koma chimene chinandidabwitsa n'chakuti zambiri ndinali nditaziwerengapo kale. Pa Levitiko 2 ana a Israyeli akutentha ufa, mafuta ndi lubani. Pa Levitiko 6 akuuzidwa kuti moto wa paguwa usazime. Ngakhale makolo athu ankathira nsembe ya ufa patsinde pa msolo, ndipo kufikira lero ku Mtenguleni mu Febuluwale Inkosi Mpezeni amayamba ndiwo kulawa zakumunda pa Nc'wala. Zioneka kuti kulikonse munthu amamva kuti zabwino zimene ali nazo si zake yekha.

Kenaka mbale inandifika. Anandipatsira ndi amayi ake a mnzangayo, mayi amene ankatitumizira zakudya ku koleji ine ndalama zitandithera. Mtima unagunda. Ndinaomba m'manja pang'ono n'kunena kuti, "Amayi, mundikhululukire, ine ndine Mkhristu, sindingathe kuponya nawo." Anandiyang'ana, anagwedeza mutu, n'kupatsira wotsatira. Sindinakane chifukwa chowayesa anthu oipa ayi. Ndinakana chifukwa nsembeyo inali kupita kwa Agni, pamene ine ndimakhulupirira zimene Ahebri 10 amaphunzitsa, kuti Khristu anadzipereka kamodzi ndipo nsembeyo inakwana. Nthawi ya chakudya mnzangayo anandionetsa yekha zotsekemera zimene zinali zitaperekedwa kwa milungu, zotchedwa prasad, ndi zimene zinachokera kukhitchini basi. Ndinadya zakukhitchini, chapati ndi nyemba, ndipo ndinakhuta ndithu.

Mpaka apa ndikanatha kubwerako ndikudzitama kuti ndaima nji. Koma panali kanthu kena. Ndinaona kuti nthawi zambiri, likatha liwu la svaha, wansembe ankaonjezera timawu tina tatifupi. Nditafunsa, mnzangayo anati tanthauzo lake n'lakuti woperekayo akuvomera kuti chinthucho tsopano sichilinso chake. Pomaliza anaika pamoto kokonati yathunthu ndi mafuta onse otsala, moto n'kulilima mpaka ana anafutukira m'mbuyo. Ine mumtima ndinali nditayamba kale kuwerengera mtengo wa mafutawo, ndi kuti akanakazingira ndiwo masiku angati. Ndili mkati mowerengeramo ndinakumbukira amene anawerengerapo chimodzimodzi pa Yohane 12, ndipo manyazi anandigwira.

Pamotopo palibe amene angabweze dzanja kuti atengenso chimene waponya. Nanga ine, amene ndimati ndikudziwa nsembe yoposa zonse, ndimapereka bwanji? Pa zopereka za masika chaka chatha ndinabweretsa thumba la chimanga la makilogalamu 50, ndipo powerenga mayina langa linadumphidwa. Ndinanyanyala milungu iwiri, mpaka ndinakalondola mlembi kunyumba kwake kuti akonze. A m'kwaya mukudziwanso za gitala. Ndinaimirira kutsogolo kwa mpingo wonse n'kunena kuti ndaipereka kwa Ambuye, anthu n'kuomba m'manja, amayi n'kululutira. Koma kodi imagona kuti? Kuseri kwa chitseko changa. Mukandikwiyitsa pa kuphunzira nyimbo ndimaiika m'thumba lake n'kumapita, inu n'kutsala mukuimba ndi m'manja. Kawiri konse ndakhala ndikunena kuti "gitala yanga" pamaso panu, ndipo palibe anandidzudzula chifukwa mumandiopa.

Sindikukutumani kuti mukafunefune kumene kukuyaka moto wa havan. Amene chikumbumtima chake sichimulola asapite, ndipo amene wapita asanyoze amene watsala. Ena mwa inu mpaka pano simunakhutire nane, ndipo mlongo wina anandiuza maso ndi maso kuti mtsogoleri sanayenere kupezekapo n'komwe. Ndinamumvera, ndipo tidzakambirananso pa msonkhano wathu wa mwezi uno.

Gitala ija ndinakaitula Lachitatu lapitali. Ili m'kabati ya kuvesitile, ndipo kiyi ali ndi msungichuma wa kwaya. Chingwe chachitatu chinaduka. Amene ali ndi K50 yapadera akaonane naye.