Msuzi wa Usipa pa Namitete

Mwezi wa June chaka chatha, mayi wina wa m'mudzi mwathu ku Nkhotakota anatipeza pakhonde la madrasa ana ataweruka. Mwana wawo wachisamba, amene tinamuphunzitsa alifu ndi baa ali wamng'ono, anali atatha miyezi inayi akuphunzira ntchito zamanja pa Namitete Technical College. Dzulo lake usiku anali ataimba foni kunena kuti akufuna kubwerera kumudzi. Sanali kudwala, maphunziro sanali kumukanika, ndipo panalibe amene anamuputa. Mayiwo atamufunsitsa, anangoyankha kuti: "Kuno sindikudya."

"Mwalimu," anatero mayiwo, "bambo ake anagulitsa ukonde kuti mwanayu apite kumeneko. Inu amakumverani. Chonde kamuoneni."

Tinanyamuka titangoswali Fajr. Minibasi inatifikitsa ku Salima, ina ku Lilongwe, ndipo yachitatu inatenga msewu wa ku Mchinji, kudutsa pa Chitedze, Mpingu ndi Msundwe. Munthu wa kunyanja amadziwa ndi khungu lake kuti wafika kwina. Nyanja yathu ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene chigwa cha Lilongwe chili pa mamita oposa 1,000, ndipo chisanu cha June kumeneko chimalowa m'mafupa. M'mbali mwa msewu munali zigafa za fodya, mtedza woyanika ndi matumba a soya. Ngalawa, thandala la usipa kapena munda wa chinangwa sitinazione.

Mnyamatayo tinamupeza m'kanyumba ka lendi kunja kwa sukulu, momwe ankakhala ndi anzake awiri. Anali atawonda mpaka lamba anamuboola bowo lina. Anatifotokozera pang'onopang'ono. Anzakewo anali anthu abwino, koma poto anali mmodzi, ndipo tsiku lina munaphikidwa nyama ya nkhumba. Pachiwaya tchipisi ndi nyamayo zinkakazingidwa m'mafuta amodzi. Mbuzi yopachika pamsika sankadziwa amene anaizinga. Choncho anangosankha tiyi ndi buledi, mtedza wokazinga, ndi nsima ya nyemba pamene wapeza mpata wophika yekha m'kasefuliya kake.

"Nanga unafunsapo?" tinatero.

Anaweramitsa mutu. "Ndimaopa, Mwalimu. Angamati ndikudzimva."

Yankho limeneli linatipyoza ife kuposa mmene linamupwetekera iye. Kwa zaka zambiri takhala tikuphunzitsa ana chimene chili halaal ndi chimene chili haraam, ndipo amaloweza bwino. Koma tinawaphunzitsira kumalo kumene funsolo silifunsidwa, chifukwa wozinga mbuzi pamsika ndi amene timaima naye mzere umodzi Lachisanu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndife pafupifupi 14 mwa anthu 100 alionse m'dziko muno, ndipo ochuluka tili m'maboma a m'mbali mwa nyanja. Mwana wathu akapita kukaphunzira kumtunda amakakhala mmodzi pakati pa ambiri. Tinamupatsa lamulo, koma sitinamupatse pakamwa poti afunsire mwaulemu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Uyu, poopa kudya phula, anangosiya kudya.

Nafenso njala inali itatigwira, kotero tinamutenga kupita pa tiledingi senta. Tinalowa m'kalesitilanti kena ka matebulo atatu, kokhala ndi nsalu pakhomo ndi ndowa ya madzi osamba m'manja pakona. Ophunzira angapo ankamaliza kudya. Mwini wake anali mayi wachikulire, atavala juzi pamwamba pa chitenje. Titapatsana moni, tinafunsa mokweza pang'ono kuti mnyamatayo amve: "Amayi, ife ndife Asilamu a ku Nkhotakota. Kodi nyama yanuyi anazinga ndani?"

Mayiwo sanakwiye ndipo sanatinamize. "Abambo, ndinagula pamsika, ndipo wozinga sindikumudziwa. Musadye. Nyemba nazo zatha." Anayang'ana mnyamatayo kwa kanthawi. "Mwanayu ndimamuona akudutsa apa, koma sanalowepo. Khalani pansi. Ndili ndi poto wophikira phala, nyama sinalowemo chigulireni."

Khomo la kukhitchini linali lotsegula, ndipo zonse tinaziona. Anatenga usipa wouma wodzaza dzanja, nauchotsa mitu ndi matumbo, nauviika m'madzi ozizira. Patapita nthawi anaika potoyo pa mbaula ya makala ochepa. Madzi atayamba kuwira anayengula thovu ndi supuni, ndipo posakhalitsa anavuula usipawo nauika pambali. Sanathire mafuta, tomato kapena anyezi wokazinga. Mumsuzi woyera uja anaikamo mpunga wophika kale, mchere ndi jinja pang'ono, ndipo utafewa anathira mazira awiri opuntha mozungulira poto, navundikira. Pomaliza anawaza masamba a anyezi odula bwino. Usipa uja anaukazinga padera ndi kambuzi.

Tinatchula dzina la Allah ndi kuyamba kudya. Sichinali phala ndipo sunali mpunga wa ndiwo monga tinazolowera. Chinali chopepuka, chotentha, ndipo fungo lake linali la padoko m'mamawa asodzi akamakocheza. Mnyamatayo anadya osayankhula. Atamaliza mayiwo anamuonjezera osamufunsa, ndipo anamalizanso.

Tinafunsa kumene anaphunzira kaphikidwe kameneka. Anati ali mtsikana anagwirapo ntchito m'nyumba ya mayi wina wa ku Japan, mmodzi mwa achinyamata ongodzipereka amene dzikolo lakhala likutumiza ku Malawi kuyambira 1971, ndipo masiku ano amabwera kudzera ku bungwe la JICA. Mlendoyo akasowa kwawo, kapena malungo akamugwetsa, nsima inkamukanika. Tsiku lina anaona usipa pamsika nasangalala ngati wakumana ndi mbale wake. Anati kwawonso kuli tinsomba touma totere.

Zimenezo ndi zoona. Ku Japan tinsombato amatitcha niboshi: timagwidwa m'nyanja ya mchere, timawiritsidwa m'madzi a mchere kenako timayanikidwa, monga momwe amayi a kwathu amafwafwazira usipa asanauyanike. Amachotsa mitu ndi matumbo pa chifukwa chimene ifenso timachidziwa, kuti msuzi usawawe. Msuziwo amautcha dashi, ndipo ndiwo maziko a zakudya zawo zambiri za tsiku ndi tsiku. Akasungunulamo miso, chomwe ndi chiponde cha soya chosasitsidwa ndi mchere kwa miyezi, umakhala msuzi umene mabanja ambiri amamwa pa chakudya cha m'mawa. Akaikamo mpunga wophika ndi dzira chimatchedwa zosui, chakudya cha nyengo yozizira ndi cha munthu amene akuchira. Chimenechi ndicho tinadya pa Namitete, chophikidwa ndi usipa wa m'nyanja yathu.

Mayiwo anakumbukanso kuti bwana wawo uja asanadye ankagwirizanitsa manja ndi kunena kuti itadakimasu, kutanthauza kuti akulandira modzichepetsa. Anatinso nthawi zina ankathira supuni ya madzi otsekemera a m'botolo lochokera kwawo, koma iwo sanawapezepo kuno. Apa pali chenjezo kwa abale athu amene ali ku Johannesburg ndi Cape Town, kumene malo odyera a Chijapani ndi ambiri. Chotsekemera chimene ophika a ku Japan amakonda kuthira m'zakudya ndi mirin, ndipo mirin weniweni ndi mowa wa mpunga. Msuzi wa ramen wotchedwa tonkotsu umaphikidwa ndi mafupa a nkhumba. Chakudya chooneka ngati cha nsomba ndi mpunga chabe chingathe kukhala ndi zimenezi, kotero kumenekonso nkofunika kufunsa.

Tili m'njira yobwerera kukanyumba kuja, mnyamatayo anati: "Mwalimu, msuzi uja umamveka ngati wa amayi." Tinamwetulira chifukwa timadziwa mmene amayi ake amaphikira usipa, ndi tomato wambiri ndi nsima ya kondowole, ndipo mbale ziwirizi sizifanana n'komwe. Chimene anachimva ndi chakuti munthu wina anamuyang'ana, naona kuti ali ndi njala, nasamala za chimene angathe kudya. Mlendo wa ku Japan uja anachifuna chomwecho ali kutali ndi kwawo, ndipo mtsikana amene anamuphikira ndiye anadzaphikira mwana wathu patapita zaka. Mayiwo si Msilamu, ndipo malamulo athu a zakudya amangowadziwa pang'ono. Koma ananena zoona pa nyama yawo ngakhale zinali zowataitsa malonda, ndipo anatsegula khomo la khitchini kuti tione. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tisananyamuke tinabwereranso kukalesitilanti kuja ndipo tinagwirizana. Makolo a mnyamatayo azitumiza chigoba cha usipa wouma pa minibasi mwezi uliwonse, mayiwo aziphika m'poto wa phala uja, ndipo iye azilipira mpunga ndi makala. Tinamuuzanso kuti akhale pansi ndi anzake awiri aja ndi kuwafotokozera bwinobwino za poto, m'malo mowathawa pa nthawi ya chakudya. Pambuyo pake anatiuza kuti anamuseka chifukwa chobisa nkhani yaing'ono chotere kwa miyezi inayi, kenako anasonkherana ndi kugula poto wachiwiri. Sukulu sanasiye.

Ku madrasa kwathu tinaonjezera phunziro limodzi kwa ana akuluakulu. Mmodzi amakhala wogulitsa, wina mlendo, ndipo amayeserera kufunsa: nyamayi anazinga ndani, mafutawa mwakazingiramo chiyani, kodi muli ndi nyemba, mazira kapena nsomba? Timawaphunzitsa kuyamba ndi moni, kusakwinya nkhope pa chakudya cha eni ake, ndi kuthokoza ngakhale atuluke osadya. Inunso makolo amene ana anu akupita ku Namitete, ku Bunda, ku Mzuzu kapena kutsidya kwa malire, powalongedzera msala ndi bulangeti muikemonso kapoto kawo ndi usipa wouma. Ndipo asananyamuke, khalani nawo pansi muwamve akufunsa mafunso amenewa ndi pakamwa pawo.