Galimoto ya mu 1950 yopangidwa dzana

Ku Mangalande kuno kuli amisiri amene ntchito yawo ndi kupanga galimoto zakale. Sindikunena zokonza chiphakasa chomwe chachita dzimbiri ayi, koma kuipanga yatsopano, kuyambira pa bawuti mpaka injini, ndendende mmene inkapangidwira zaka 70 zapitazo. Si galimoto zonyamula banja kapena matumba a chimanga. Ndi zija za mpikisano wa liwiro, za mpando umodzi, matayala ali pamtetete, thupi lake lalitali ndi lopyapyala ngati bwato.

Ine ndine mmisiri wosema zitsulo pa makina a lathe. Ntchitoyi ndidaiphunzira ku Blantyre, ndipo kwa zaka zambiri tsopano ndikuigwira mu mzinda wa Peterborough. Mnzanga wina amene tidakulira limodzi ku Ndirande, yemwe pano amagulitsa masipeya ku Limbe, nditamutumizira chithunzi cha imodzi mwa galimotozi adandiyankha kuti: "Achimwene, ndiye kuti azungunso amagula feki?" Funso limeneli silachibwana. Kwathu mawu akuti feki ali ndi mabala. Tidaonapo mabuleki a feki, mankhwala a feki, feteleza wosakaniza ndi mchenga. Ndiye ndati ndimuyankhire pano, poti mwina si iye yekha angafunse choncho.

Makilomita pafupifupi 25 kumpoto kwa Peterborough kuli katawuni kotchedwa Bourne. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Raymond Mays ndi Peter Berthon adayambitsa kumeneko kampani ya BRM, cholinga chili choti Britain ikhale ndi galimoto yogonjetsa za ku Italy, zomwe zinkalamula m'mipikisano nthawi imeneyo. Injini yomwe adapanga njodabwitsa mpaka lero. Kukula kwake ndi malita 1.5, chimodzimodzi ya Sienta imene mumakwera popita kuntchito, koma adaigawa m'masilinda 16. Silinda iliyonse ndi yaing'ono kuposa injini ya njinga yamoto ya kabaza. Adaikamo chipangizo cha Rolls-Royce chokankhira mpweya mu injini mwamphamvu, moti inkatha kuzungulira maulendo 12,000 pa miniti imodzi, n'kutulutsa mphamvu zoposa za Sienta kasanu.

Koma galimotoyo idachititsa manyazi eni ake. Mu August 1950 ku Silverstone, pamaso pa chinamtindi cha anthu, mbendera itangotsika shafiti yopititsa mphamvu kumatayala idathyoka, galimoto n'kungosuntha pang'ono n'kuima. Oonerera ena adaponyamo makobidi mochita chipongwe. Chaka chotsatira, pa mpikisano waukulu wa ku Britain, Reg Parnell adamaliza pa nambala 5 ndipo Peter Walker pa nambala 7, onse miyendo itapsa ndi kutentha kwa mapaipi a utsi. Juan Manuel Fangio, katswiri wa ku Argentina uja, adaiyendetsako mu 1952 ndi 1953, koma apa n'kuti malamulo a mpikisano wa dziko lonse atasintha, galimotoyo itatsala kunja. BRM idadzatenga chikho cha dziko lonse mu December 1962, Graham Hill atapambana ku East London ku South Africa, koma pa galimoto ina ya masilinda 8.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu angawononge chuma kupanganso galimoto yolephera chonchi? Yankho ndidalimva ndi makutu anga.

Mu 2020 banja la Sir Alfred Owen, yemwe kampani yake idagula BRM mu 1952, lidalengeza kuti lipangitsa galimoto zitatu zatsopano za mtundu wa masilinda 16 uja. Zojambula za amisiri akale, pafupifupi 20,000, zidasungidwa. Manambala atatu a chasisi omwe adaikidwa padera kalelo koma osagwiritsidwa ntchito adalipo. Ntchitoyo adaipereka kwa Hall & Hall, amisiri a ku Bourne komweko, ndipo yoyamba idali ya John Owen, mwana wa Sir Alfred, yemwe adamva kulira kwa injiniyi ali mwana. Idaonekera pagulu mu September 2021 ku Goodwood Revival, chikondwerero cha galimoto zakale chomwe chimachitika chaka ndi chaka kummwera kwa England. Ine ndidalipo, nditadzimana kuti ndigule tikiti.

Yeniyeni ya mu 1950 ndidali nditaiona kale m'nyumba yosungira galimoto zakale ku Beaulieu. Njokongola, koma idali duu, ngati ng'oma yopachikidwa pakhoma. Yatsopanoyi itadutsa ndidazindikira kuti zomwe ndidaona ku Beaulieu lidali theka chabe. Kulira kwake kumayamba ngati kukhosomola kwaukali, kenako kumakwera, kukwerabe, mpaka kusanduka mfuu yoboola m'makutu imene umaimva ndi m'chifuwa momwe. Madala ena omwe ndidaima nawo pampanda adangoti chete, wina akupukuta m'maso. Phokoso limenelo sungalisunge m'buku, ndipo pa foni limamveka ngati udzudzu.

Eni galimoto zenizeni zakale amaziyendetsa mwamantha, ndipo n'zomveka. Chitsulo chimatopa; cha zaka 70 chimatha kung'aluka osachenjeza. Mitengo yake nayo njoopsa. Mu February 2025 Mercedes W196 yomwe adayendetsapo Fangio ndi Stirling Moss idagulidwa ku Stuttgart pa mayuro oposa 51 miliyoni. Ndani angathamangitse chinthu chotere mpaka mapeto a mphamvu zake? Yopangidwa dzana ikathyoka, amasema chipangizo china n'kubwerera pamsewu.

Pali zinanso zomwe popanda zofanizirazi sitikadaziona n'komwe. Ferrari 156 ya mu 1961, yomwe anthu adaitcha dzina chifukwa cha mphuno yake yonga ya shaki, ndi imene Phil Hill adatengera chikho cha dziko lonse. Ndi yomweyonso idapha Wolfgang von Trips ndi oonerera 15 ku Monza chaka chomwecho. Enzo Ferrari sankasunga galimoto zotha ntchito. Zonse adaziphwanyitsa, osatsala ngakhale imodzi. Zomwe zilipo lero n'zopangidwa pambuyo pake, ndipo imodzi adapangitsa ndi woimba Chris Rea chifukwa cha filimu yake ya mu 1996. Za Auto Union za ku Germany, zomwe zidali ndi injini ya masilinda 16 kumbuyo kwa dalaivala, asilikali a Soviet Union adazitenga nkhondo itatha mu 1945, ndipo zambiri zidatayika kumeneko. Kampani ya Audi idachita kulemba amisiri a Crosthwaite & Gardiner a ku Sussex kuti azipangenso. Pa zimenezi mtima wanga sukhazikika. Galimotozo zinkathandizidwa ndi ndalama za boma la Hitler pofuna kuonetsa kuti mtundu wawo ndi wapamwamba kuposa ena onse, ndipo munthu wakuda ngati ine sindingaziombere m'manja osakumbukira zimenezo. Luso la amisiri ndimalilemekeza, koma ndimafuna kuti chikwangwani choima pambali pa galimotoyo chizinena zonse.

Tibwerere ku funso la mnzanga wa ku Limbe. Malume anga adali ndi njinga ya Humber yomwe adaikwera zaka zoposa 30. Matayala, tcheni, mapedulo, chishalo, mahandulo, zonse zidasinthidwa kangapo, ndipo felemu idawotchereredwa kawiri. Komabe mudzi wonse unkadziwa kuti ndi njinga ya malume. Galimoto za mpikisano zinkakhalanso chimodzimodzi. Ikagunda khoma Lamlungu, pofika sabata yotsatira ili ndi thupi lina, mwina injini ina. Choncho ngakhale zomwe amati zenizeni, zambiri zili ndi zitsulo za zaka zosiyanasiyana. Chomwe wogula amalipira mamiliyoni ndi mbiri yake: nambala ya chasisi, ndi umboni woti uje adakhalapo pampando umenewu tsiku lakuti.

Chinyengo chimalowera pomwepo. Munthu amapeza kachidutswa ka chasisi kokhala ndi nambala, n'kumanga galimoto yonse mozungulira kachidutswako, zaka zikapita n'kuyamba kuitcha yeniyeni. Zimachitika kuti galimoto ziwiri zimapezeka ndi nambala imodzi. Imeneyo ndiye feki, achimwene, chifukwa ikunama za kumene idachokera. Koma taonani zomwe adachita Cameron Millar, Mngelezi yemwe adagula zipangizo zotsala za Maserati 250F, galimoto yomwe Fangio adapambanira ku Nürburgring mu 1957. Adapanga zingapo zofanana nayo, ndipo iliyonse adaidinda zilembo za dzina lake, CM, ndi nambala yakeyake. Wogula amadziwa chimene akugula. Nalo bungwe loyendetsa mipikisano ya galimoto padziko lonse la FIA limapereka chikalata chololeza galimoto kupikisana ndi zakale ngati yapangidwa motsatira mapangidwe a nthawiyo, ndipo chikalatacho sichitsimikiza kuti galimotoyo ndi yakaledi. Sipeya yomwe imandipweteka ine ndi ija yolembedwa dzina la kampani yomwe sidaipange.

Zoti izi ndi zoseweretsa za anthu olemera sindingatsutse. Mu 2020 momwemo kudalengezedwanso kuti kupangidwa galimoto 6 za Vanwall ya mu 1958, iliyonse pa mtengo wa mapaundi 1.65 miliyoni, omwe ndi mabiliyoni angapo a kwacha. Ine sindidzakhalapo pampando wa imodzi mwa izo, ndipo ndikaganiza za ndalama zimenezo ndimakumbukira zipatala za kwathu. Chomwe chimandigwira mtima ndi kumene gawo la ndalamazo limathera, m'manja mwa anthu a ntchito ngati yanga.

Chojambula cha mmisiri chimakuuza kukula kwa chipangizo, nthawi zina mpaka pa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a inchi, lomwe ndi lochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Sichikuuza mmene ungachigwirire chitsulo chopyapyala pa makina kuti chisapindike. Sichikuuza mbali yoyamba kusema, kapena nthawi yoti uchisiye chizizire usanachiyeze. Pofuna kuumba thupi la injini, mmisiri amayamba wasema chifanizo chake pa thabwa, ndipo amachikulitsako pang'ono dala chifukwa chitsulo chosungunula chimafota chikamazizira. Thupi la galimoto amalisula ndi nyundo kuchokera pa lata la aluminiyamu, akuliyeza pa chimango cha matabwa, monga mmene amisiri a zidebe ndi mbaula a ku Ndirande amachitira, kungoti apa kulakwitsa pang'ono kumaoneka poyera. N'chifukwa chake pa galimoto zakalezo mbali ya kumanja siifanana ndendende ndi ya kumanzere.

Nzeru zonsezi zidali m'manja ndi m'makutu mwa anthu, ndipo anthuwo akutha. Rick Hall, yemwe adayambitsa Hall & Hall, adali makaniko wa BRM kampaniyo ikadali moyo, ndipo mwana wake Rob akupitiriza ntchitoyo. Injini ya masilinda 16 ili ndi tizipangizo masauzande ambiri, ndipo kalikonse kamafuna munthu woti akhale pansi, awerenge chojambula cha munthu yemwe adamwalira kalekale, amvetse chimene ankaganiza. Pamene chojambula chasiya mpata, ayesere mpaka apeze. Galimoto ikamatha, pamakhala patabadwa amisiri angapo odziwa zomwe zikadapita kumanda.

Kuntchito kwathu timapanga zipangizo za mapampu ndi makina a kumunda. Pafupifupi zonse zimasemedwa ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo sindiwanyoza. Amachita pa ola limodzi zomwe ine ndinkachita tsiku lonse, mosaphonya. Koma lathe yoyendetsa ndi manja ili pakona, ndipo otha kuigwiritsa ntchito tatsala awiri, tonse a imvi. Kukabwera mlimi ndi shafiti yothyoka ya thirakitala yomwe masipeya ake adasiya kupanga, palibe chojambula, palibe pulogalamu ya kompyuta, amaitana mmodzi wa ife. Anyamata amaimirira kumbuyo n'kumaonerera ngati ndi matsenga, chonsecho n'zomwe ndidaphunzira ndili ndi zaka 19, mphunzitsi akundimenya dzanja ndikathamangitsa mpeni.

Mmodzi mwa anyamatawo, wokonda za mipikisano ya galimoto, adaona pa YouTube mmene amapangira injini ya BRM ija, ndipo adabwera kudzandipempha kuti ndimuphunzitse kudula mazinga a bawuti ndi manja. Timatsalira Lachisanu lililonse tikaweruka, kwa theka la ola. Akuti akufuna kukafunsira ntchito ku Bourne. Mabawuti atatu oyamba adaononga, wachinayi nati idalowa koma ikugwedera, ndipo ndamuuza kuti asalembe kalata yofunsira ntchitoyo mpaka idzalowe ndi zala zokha popanda kugwedera.