Injini yanga yothirira inaliranso

Ndine mlimi wa kachewere kuno ku Tsangano, ndipo ndikufuna kuchitira umboni za momwe Mulungu anapulumutsira dimba langa mu Okutobala 2024. Malemu amuna anga anandisiyira injini ya petulo yopopa madzi, ija yoliza ndi chingwe. Mvula ikatha kuno kumapiri, injini imeneyi ndiyo imandikwezera madzi kuchokera kumtsinje, ndipo fizi ya ana imachokera m'matumba omwe ndimagulitsa pa Tsangano Turn-off.

Mwezi umenewo petulo anasowa m'dziko muno. Tinkagula wa m'zigubu kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu, pamtengo woboola m'thumba. Mbatata ya kachewereyo inali itachita maluwa, nthawi yomwe imafuna madzi kwambiri chifukwa pansi ikuika. M'mawa wina ndinakoka chingwe, injini inangotsokomola n'kukhala chete. Ndinakoka mpaka phewa kuwawa, koma zii. Dzuwa la Okutobala silichitira munthu chisoni: masamba anayamba kugwa nkhope ndikuona. Ine ndi ana tinayamba kuthirira ndi makheni, koma pamtunda ngati pathu madzi a m'kheni safika patali.

Alangizi osaitanidwa sanachedwe. Ena ankati injini yafa, ena ankanong'ona kuti pali dzanja la munthu. Bambo wina anabwera ndi ndalama m'manja kuti aigule ngati chitsulo chakutha. Usiku umenewo ndinagwada n'kulira, chifukwa kugulitsa injiniyo kunali kugulitsa thukuta la amuna anga.

Yankho linadzera mwa mwana wa achimwene anga, yemwe amakonza njinga zamoto za kabaza. Atafika anati, "Azakhali, musagulitse. Injini yotere imafuna zitatu basi: moto, mafuta ndi mpweya. Tiyeni tione chomwe chasowa."

Anayamba ndi moto. Anamasula pulagi, n'kuipeza yakuda ndi mwaye, yonyowa. Anaipala ndi kabulashi ka waya, n'kuibwezera pa waya wake, n'kuigunditsa kuchitsulo cha injini kutali ndi bowo lake, ine n'kukoka chingwe. Moto sunathetheke. Mtima wanga unagwa, koma iye anangoyang'ana pomwe injini inakhala. "Azakhali, apa m'popendekeka." Anandifotokozera chinthu chomwe alimi ambiri sitichidziwa: injini zambiri zamtunduwu zili ndi kachipangizo kodula moto oyilo akachepa, kuteteza kuti zitsulo zam'kati zisapse. Oyilo akakhala wochepa, injini n'kukhalanso potsetsereka, kachipangizoko kamaikaniza kulira ngakhale ili yabwinobwino. Tinaiika pathyathyathya, n'kuthira oyilo mpaka kukamwa kwa bowo lake. Sanakwane ngakhale lita imodzi. Pulagi inathetheka moto wabuluu.

Komabe sinalire. Apa ndipo anatsekula kabawuti ka pansi pa kabuleta n'kukhetsera mafuta m'botolo loyera. Titadikira pang'ono, ndinaona ndi maso anga: petulo pamwamba, madzi ndi zinyalala pansi. Madzi amalemera kuposa petulo, choncho amakakhala pansi penipeni pomwe injini imayamwira. Kaya analowa bwanji m'chigubu cha wogulitsa uja, ine sindinapite kukamuimba mlandu. Mwanayo anakhuthula thanki yonse, anamasula kambale ka kabuleta, n'kuchotsa jeti, kachitsulo kokhala ndi kabowo kochepa ngati ka singano. Kanali katatsekeka. Anakatsuka ndi petulo woyera n'kukapemerera mpaka kuwala kuonekera. Sefa ya mpweya nayo inali itadzaza fumbi la m'dimba. Anaichapa ndi sopo n'kuiyanika.

Madzulo anatsekula mafuta, n'kutseka choko. "Kokani ndinu, azakhali." Ndinakoka. Inalira! Ndinaimba nthungululu mpaka a m'madimba oyandikana anathamangira kudzaona. Tisanailize, anali atandikumbutsa kudzaza madzi m'mimba mwa pampu, chifukwa ikazungulira youma imawononga zotsekera madzi zam'kati. Madzi atatuluka kupaipi, ndinathokoza Mulungu mokweza, osachita manyazi.

Mizere ya kumtunda inali itapserera kale, ndipo imeneyo sinabwerere. Koma dimba lonse lotsala linatsitsimuka, ndinakumba, ndinagulitsa, ana anapita kusukulu. Zomwe ndinawononga pokonza ndi mtengo wa oyilo ndi nsima yomwe mwanayo anadya.

Alimi anzanga a ku Tsangano, makamaka amayi amasiye omwe mwasiyiridwa zipangizo zotere: injini ikakana kulira musathamangire kwa wogula kapena kwa sing'anga. Ikhazikeni pathyathyathya, onani oyilo, onani pulagi, khetsani mafuta a m'kabuleta. Petulo wa m'chigubu muziyamba mwamuthira m'botolo loyera kuti muone ngati muli madzi, ndipo muzimusefa ndi kansalu musanamuthire m'thanki.