Kwa mwana wanga wopita kukagwira ntchito ku Kanengo

Mwana wanga,

Amayi ako akulongedzera ufa, nandolo ndi mapeyala. Ine m'thumba mulibe kanthu, ndiye landira kalatayi. Ku Lilongwe ukakumana ndi akuba, oledzera ndi okongola osabweza, ndipo amenewo ukawazindikira wekha. Amene ndikukuchenjeza nawo ndi anthu odandaula popanda chifukwa, pakuti amabwera ngati abwenzi.

Pa zaka zimene ndinali kapitawo m'minda ya tiyi kuno ku Thyolo, munthu wotere ndinkamudziwa asanatule n'komwe dengu pa sikelo. Mu Januwale, tiyi ataphukira mwakuti wolimbikira ankapitirira mulingo wa tsiku n'kulandira yoonjezera, iye ankati mvula yanyanya. Chiperoni chikafika mu Juni, wayamba za kuzizira. Mu Okutobala akulira dzuwa, ataiwala kuti walira mvula walira matope. Ukamubwezera masamba okhwima n'kumukumbutsa kuti fakitale imafuna masamba awiri ndi kansonga, basi, ankati kapitawo amamuda. Chimene chinkandipsetsa mtima koposa n'chakuti tsiku la msonkhano wa bungwe la antchito la PAWUM, pamene pankafunika munthu woimirira n'kunena za malipiro, mkuluyu sankaoneka. Madzulo ndiye unkamupeza pa kachasu akufotokoza zimene akuluakulu a bungwelo alakwitsa.

Usandimve molakwa. Sindikuti uzikhala chete akamakupondereza. Kwathu kuno madandaulo enieni tikuwadziwa. Makolo athu Alomwe anawoloka Ruo kuchokera ku Mozambique n'kugwera m'thangata, kugwirira mzungu ntchito miyezi ingapo pa chaka kuti angololedwa kukhala pa malo. Mu Ogasiti 1953 anthu a kuno anadzuka chifukwa cha malo ndi chitaganya, ndipo ena anaphedwa ndi mfuti za boma. Mpaka lero munthu akulima kamunda kongokwana mphasa zingapo pomwe tiyi wadzaza mapiri onse. Malipiro a wothyola tiyi ndi ochepa, zimenezo palibe angatsutse. Nthochi zimene zinkatiphunzitsira ana zinatha ndi matenda a chisaka. Ndipo waona wekha zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023: azimayi amene nyumba zawo zinagwa anali kale kalikiliki kuumba njerwa pamene mnzathu wodandaula uja, nyumba yake ili chilili, ankalira kuti dzina lake silinalembedwe pa chithandizo.

Munthu wotere amagonthetsa makutu a anthu. Tsiku limene sikelo inalidi yolakwika, iye ndi amene anayamba kuona, koma palibe anamumvera, ngakhale ineyo, mpaka mayi wina wofatsa, amene sankadandaula chisawawa, anabwera ndi kakope kake momwe ankalemba makilogalamu a tsiku lililonse. Sikelo inakonzedwa sabata yomweyo.

Choncho ukakhala ndi dandaulo, yamba wadzifunsa ngati alipo amene angalikonze. Ngati alipo, pita kwa iyeyo, utanyamula tsiku, chiwerengero ndi pepala la malipiro. Akakana kukumvera, ku ofesi ya zantchito kulipo. Ngati palibe angalikonze, monga kutentha kwa Lilongwe kapena fumbi la mu Seputembala, gula chipewa. Pa nthawi ya nkhomaliro usamakhale pa benchi ya anthu amene nkhani yawo ndi bwana tsiku ndi tsiku. Mawa bwanayo akadzamva, dzina limene lidzatchulidwe ndi la iwe wobwera kumene.

Chinanso, usamaimbire amayi ako foni kuwauza kuti ndiwo za m'tauni sizikoma. Sagona tulo akamva zotero, ndipo amene amavutika ndine. Ukadwala kapena ndalama ya lendi ikasowa, pamenepo imba, usabise.

Ku Wenela ukafike m'mamawa kuti ukapeze basi yabwino, ndipo chikwama cha zikalata chikhale pamiyendo pako. Malume ako akakudikira pa depoti ku Lilongwe.

Ndine bambo ako,
ku Thyolo