Mpeni Wotumbulira Nswala

Kwathu ku Ntcheu mwamuna wosadziwa kusenda mbuzi amasekedwa ndi ana omwe. Ine ndinaphunzira ntchito imeneyi ndili wamng'ono, pogwirira miyendo pamene amalume anali kusenda pa maliro ndi pa maukwati, ndipo nditafika zaka 15 iwo anayamba kundisiyira mpeni. Tsono pamene ndinapita ku Scotland m'chaka cha 2017 kukaphunzira kasamalidwe ka nkhalango, ndinapita ndi mtima wakuti pa nkhani ya kutumbula nyama palibe munthu wa kumeneko amene akanandiphunzitsa kanthu. Kodi akulu sanati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa? Ine kalumo kanga kanali mpeni wopinda umene bambo anga anabwera nawo kuchokera ku migodi ya ku Joni, wa chikumbu cha mtengo chimene chinada ndi thukuta la manja awo.

Ndiyenera kuyamba ndakuuzani, inu owerenga, za nyama imene ndikunena. Eni dziko amaitcha red deer, koma ine ndidzaitcha nswala pakuti ndilo dzina lathu limene liyandikira. Isiyana ndi nswala zathu pa zinthu zingapo. Yamphongo ili ndi nyanga zamphandamphanda monga nthambi za mtengo, ndipo nyangazo zimathothoka chaka ndi chaka n'kumera zina. Mimbulu imene inkadya nyamazi inatha m'dzikomo zaka zoposa 250 zapitazo, motero nswala zinaswana kwambiri ndipo zimadya mitengo yaing'ono isanakule. Chifukwa cha ichi eni minda ya m'mapiri amalemba alenje kuti azipungula chiwerengero chake, ndipo nyamayo amaigulitsa. M'chaka chimenecho zazikazi zinkaphedwa kuyambira pa 21 Okutobala kufikira pa 15 Febuluwale, nyengo imene kuzizira kwafika pachimake.

M'mwezi wa Novembala ndinapeza ganyu kwa mlenje wina wachikulire, wothandiza kukoka nyama kuchokera m'phiri. Anali munthu wa mawu ochepa. Masiku atatu oyamba ndinangopenya. Tsiku lachinayi, ataombera nswala yaikazi pamwamba pa chitunda, anandifunsa ngati ndinatumbulapo nyama. Ndinayankha kuti mbuzi zimene ndinatumbula sindingathe kuziwerenga. Iwo anangogwedeza mutu, nachotsa magazi ndi kumanga mmero wa chakudya monga anali kuchitira masiku onse, kenaka anakhala pa mwala nandilozera mimba.

Kumeneko nyama satumbula itapachikidwa pa mtengo monga kwathu, pakuti pamwamba pa mapiriwo mitengo kulibe. Amaitumbula ili gone pansi pomwe yagwera, msangamsanga isanatupe, natulutsa chifu ndi matumbo n'kuzisiya pomwepo kuti makwangwala ndi ziombankhanga zidye. Mtima, mapapo ndi chiwindi amakachotsera kunyumba yosungirako nyama. Ine ndinatulutsa mpeni wa bambo anga. Zala zanga zinali zitauma ndi chisanu kotero kuti ndinalimbana nawo nthawi ndithu kuti nditsegule. Nditaboola chikopa, ndinakankha mwamphamvu monga munthu wofuna kuonetsa luso, ndipo nsonga yake, imene inali yaitali ndi yopyapyala chifukwa cha kunoledwa zaka zambiri, inapitirira n'kulasa chifu. Kunatuluka mpweya wonunkha, ndipo zobiriwira za m'chifu zinakhuthukira m'kati monse, pa nyama ya ntchafu ndi pa minofu yofewa ya kumsana.

Ndinathamangira kukamtsinje kuti nditunge madzi otsukira, koma mkuluyo anandiletsa. "Iai, mwana wanga," anatero, "madziwo angofalitsa uvewo ponseponse. Tikadula ndi kutaya pamene paipa." Nyama imeneyo sinapite kwa wogula. Inali nyama yonenepa, ndipo mtengo wake unaposa malipiro anga a tsikulo. Pokoka mtembowo kutsika phiri sitinalankhulane, ndipo ine ndinadziwa mumtima kuti mawa lake akanatha kundiuza kuti ndisabwerenso.

Titafika kunyumba ya nyama anandipempha mpeni uja. Anautembenuza mwaulemu, nandifunsa mwini wake, ndipo nditawauza anati ndi mpeni wabwino, ndipo chifu ndinaboola ndine, osati mpeni. Kenaka anauyandikiza ku nyali nandionetsa mpata umene chitsulo chimagonamo mpeni ukapindidwa. Munali modzaza magazi, mafuta, ubweya ndi zobiriwira zija. "Uzichotsa bwanji izi?" anandifunsa. "Ungakolowole ndi kamtengo usiku wonse, zina zitsala pa mfundo apa. Mawa ukatumbula nawo nyama ina, uve wa lero ulowa m'nyama ya mawa, ndipo nyamayo akadya ndi ana a eni ake ku Glasgow." Anandiuza kuti Loweruka ndipite kutauni ndikagule mpeni wosapinda, ndipo ndisawononge ndalama zambiri.

Mawu otsirizawo ndiwo anandivuta. M'sitolo ya alenje ku Inverness ndinapeza mipeni yogonekedwa m'bokosi la galasi, yosulidwa ndi manja, ya zikumbu za nyanga ya nswala ndi zimake zachikopa zosokedwa bwino. Umodzi unali wa mapaundi 180. Ndinauyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndivomere kuti ndinayamba kuwerengera ngati ndingadye buledi yekha mwezi wathunthu kuti ndiugule. Munthu amene wachita manyazi amafuna kubwerera ndi chinthu chooneka, kuti anthu aiwale zimene anachita. Koma ndinakumbukira mpata uja wodzaza magazi, ndipo ndinaona kuti nyanga ili ndi timing'alu tambiri, ndi kuti chimake chachikopa chikamwa magazi sichisanza. Ndinakumbukiranso kuti mlenje uja, munthu amene anatumbula nswala zaka zoposa zaka zanga zakubadwa, mpeni wake unali wa chikumbu chapulasitiki monga chidole cha mwana.

Mipeni ya mtundu umenewo sinali m'galasi. Inali m'chidebe pafupi ndi khomo, yothithikana monga nzimbe pa msika. Dzina lake ndi Mora, kutengera tauni ya Mora ku Sweden kumene akhala akusula mipeni m'fakitale kuyambira m'chaka cha 1891. Umene ndinatola unali wa chitsulo chotalika masentimita 10, ndiko kuti kupitirira pang'ono kutambalala kwa chikhato changa. Poyamba ndinauyesa waufupi, pakuti kwathu timakhulupirira kuti nyama yaikulu ifuna mpeni waukulu. Koma ntchito ya kutumbula imachitikira m'kati mwa mimba, mumdima, mmene maso saona ndipo zala ndizo zimapenya. Mpeni wautali nsonga yake imayenda kutali ndi chala, ndipo suidziwa kumene yafika kufikira utamva fungo. Waufupi ukhoza kugoneka chala chamkombaphala pamsana pake mpaka kunsonga, ndipo kumene chala chapita ndi kumene mpeni wapita.

Panali mitundu iwiri ya chitsulo. China n'chakuda, chonga cha mipeni ya osula a kwathu, chimene chimanoleka msanga ndi kuthwa koopsa, koma chikagona ndi magazi usiku umodzi chimadzuka ndi dzimbiri. China n'chosachita dzimbiri. Mtima wanga unali pa choyambacho chifukwa ndicho ndinakula nacho, koma dziko limene mvula imagwa pafupifupi sabata iliyonse si malo ochitira makani ndi dzimbiri, motero ndinatenga chachiwiricho. Chikumbu chake chinali chokutidwa ndi mphira wosaterera ngakhale dzanja lili ndi magazi, ndipo kutsogolo kwake chinali ndi kamutu kotchinga chala kuti chisatsetserekere kukuthwa. Za mtundu ndinazengereza. Wobiriwira unaoneka wa chilenje, wofiirira ngati lalanje unaoneka wachibwana; koma ndinali nditaona kale mmene tchire la m'mapiriwo limamezera chinthu chikagwa, ndipo dzuwa la Novembala limalowa nthawi ya 4 koloko isanakwane bwino. Ndinagula wa lalanje, pa mapaundi 12.

Sindinena kuti mpeni umenewu ulibe chilema. Chitsulo chake n'chopyapyala ndipo sichifika kumapeto kwa chikumbu, choncho si mpeni wothyolera mafupa. Fupa la pachifuwa timadula ndi sowo. Nsonga yake ndi yosongoka ndithu, ndipo munthu wosasamala akhoza kuboola nayo chifu monga ndinachitira ine. Sukhalitsanso ndi kuthwa monga ija ya m'galasi, makamaka ukadula ubweya wa matope. Koma kunola kwake n'kosavuta, pakuti mbali yake yonolera ndi yotambalala: umangoigoneka pa mwala n'kukhuta, ndipo mpeni wokha umakuuza kapendekedwe kake. Madzulo timauponya pamodzi ndi chimake m'madzi otentha a sopo, ndipo chimakecho chili ndi kabowo kunsi kotulukira madzi.

Chinthu china chimene mlendo ayenera kudziwa n'chakuti mpeni wotere sayenda nawo m'thumba monga kwathu. Lamulo la ku Scotland la m'chaka cha 1995 limaletsa kunyamula mpeni pamalo a anthu onse popanda chifukwa chomveka, kupatula kampeni kopinda kosapitirira mainchesi 3. Ntchito ndi chifukwa chomveka, koma kuiwala sindiko. Mlenje uja anandikhomera msomali m'nyumba ya nyama kuti ndizipachikapo wanga tikaweruka.

Lolemba lake anaombera nswala ina, nakhalanso pa mwala. Ndinatsina chikopa n'kuchikweza, ndinaboola pang'ono, ndipo ndinalowetsa zala ziwiri za kumanzere kuti zikankhire chifu pansi. Pakati pa zalazo ndinaika mpeni chagada, kuthwa kwake kuloza kumwamba, ndi kuuyendetsa pang'onopang'ono. Mimba inatseguka ngati nsalu yosomoka ulusi, ndipo chifu chinatuluka chathunthu, chikufuka nthunzi m'chisanu. Madzulo, pochotsa chiwindi, ndinayamba kuchitembenuza mosamala kufunafuna ndulu, monga amalume anandiphunzitsira kuti ndulu ikaphulika nyama yonse imawawa. Mkuluyo anandiyang'ana nthawi ndithu, kenaka anaseka, ndipo kanali koyamba kuwamva akuseka. Nswala za kumeneko zilibe ndulu.

Pobwerera kumudzi m'chaka cha 2019 ndinagula wina wa mtundu womwewo kuti ndikapatse amalume. Anaulandira ndi manja awiri, nausolola m'chimake, nauyesa pa ubweya wa pa mkono wawo. "Mphwanga," anatero, "kuthwa ndiye ukuthwa, koma wapepuka ngati supuni, ndipo mtundu wakewu anthu adzati ndabera mwana." Anaubisa m'denga. Patapita milungu iwiri kunagwa maliro kutsidya kwa mtsinje, ndipo ine ndinafika mochedwa. Kuseri kwa nyumba ndinapeza mbuzi ili lende pa mtengo wa mango, anyamata atazungulira, ndipo pakati pawo amalume ali kalikiliki kusenda, chikumbu cha lalanje chikuonekera m'dzanja lawo.